Atsogoleri a achinyamata asapeputse chisanu cha paphiri la Zomba

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndi aphunzitsi, abusa ndi atsogoleri a magulu a achinyamata amene amakonza maulendo okagona paphiri la Zomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Chaka ndi chaka timaona magulu otere akukwera msewu wa Ku Chawe, ena kukamanga misasa kufupi ndi damu la Mulunguzi kapena la Chagwa, ena kukachezera m'mapemphero, ndipo n'zokondweretsa kuona ana athu akulikonda phiri lawo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi katundu amene amanyamula. Mpunga, ndiwo ndi zokuzira mawu saiwala, koma chofunda chimakhala bulangete limodzilimodzi, ngati akukagona kwa achibale ku Chinamwali.

Kuzizira kwa m'tauni si kuzizira kwa paphiri. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Pamwamba pa zimenezi pali mphepo ya mwera, ndi chiperoni chimene chimabwera ndi chifunga ndi mvula yowaza yonyowetsa chilichonse popanda munthu kuzindikira. Mu Juni dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane ndipo usiku umatenga maola pafupifupi 13, choncho amene wazizidwa cha m'ma 9 koloko ali ndi nthawi yaitali kwambiri yodikira kuti kuche.

Ena adzanena kuti kuno si ku Canada kapena ku Russia, kumene anthu amagona m'matenti kutazizira mpaka madigiri 30 kunsi kwa ziro ndipo zala zimatha kuuma ndi chisanu. Zimenezo n'zoona, koma thupi silidikira kuti madzi achite kuundana kuti livulale. Kutentha kwa thupi la munthu wabwinobwino ndi madigiri pafupifupi 37, ndipo kukatsika kupitirira 35 munthuyo wagwidwa ndi vuto limene achipatala amalitcha hypothermia, lomwe lingathe kuchitika ngakhale kunja kuli madigiri 5 kapena 8 ngati munthu wanyowa, watopa ndipo mphepo ikumuomba. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anafa ndi kuzizira paphiri la Mulanje, kufupi ndi Sapitwa, atasiya womuperekeza n'kupitiriza kukwera yekha. Sapitwa ndi wamtali mamita 3,002 ndipo ndi woopsa kuposa phiri lathu, koma chimene chinatenga moyo wake ndi chomwechi chimene ana athu amakumana nacho akagona panja atanyowa.

Nkhani yaikulu ndi kunyowa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo nthawi zambiri amene amanyowetsa munthu si mvula ayi, koma thukuta lake lomwe. Mnyamata amakwera chitunda atavala jekete yokhuthala ndi chikwama kumsana, amafika pamwamba malaya ali chonyowa, kenako amakhala pansi dzuwa likulowa, ndipo m'kanthawi kochepa mano ayamba kugundana. Nsalu ya thonje, monga jinzi ndi malaya ambiri amene timavala, ikanyowa imachedwa kuuma ndipo imasiya kusunga kutentha, pamene ubweya ndi nsalu zamasewera zouma msanga zimathandizabe. Ndi bwino kuvala zovala zopyapyala zingapo, china pamwamba pa chinzake, kuti pokwera uzivula ndipo ukaima uzivalanso, ndi chotchinga mphepo ndi mvula kunja kwake. Zonsezi zimapezeka pa kaunjika mumsika wa Zomba pamtengo woti makolo ambiri angakwanitse. Mwana aliyense akhale ndi zovala zogonera zouma, sokosi, chipewa cha ubweya ndi mpango, zokulungidwa m'pepala la pulasitiki, ndipo asazikhudze kufikira nthawi yogona.

Chachiwiri chimene ambiri sachiganizira ndi nthaka. Munthu akagona, thupi lake limapsinja chofunda chapansi, mpweya wofunda umene unali m'kati mwake umathawa, ndipo nthaka yozizira imayamwa kutentha usiku wonse. N'chifukwa chake amene ali ndi mabulangete awiri amachita bwino kuyala limodzi pansi kusiyana n'kufunda onse. Pansi penipeni pakhale pulasitiki wotchinga chinyezi, kenako makatoni, mphasa kapena kamatiresi kopyapyala. Malo omanga tenti nawonso asankhidwe dzuwa lisanalowe: osati m'chigwa m'mphepete mwenimweni mwa madzi, chifukwa usiku mpweya wozizira umatsetsereka n'kukadikha kumeneko, komanso osati pamsonga poonekera mphepo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha atsogoleri kuti achiletse popanda kukambirana, ndicho kulowetsa mbaula m'tenti. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo ndipo suoneka. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, amagona, ndipo sadzukanso. Tonse tamvapo za mabanja amene anapezeka atakomoka kapena atamwalira m'nyumba nyengo yozizira chifukwa cha mbaula, nanga kuli bwanji m'kachihema kakang'ono kamene nsalu yake imagwiranso moto msanga? Kuphika ndi kuotha kuchitikire panja, pamalo ololedwa, ndipo moto uzimitsidwe ndi madzi anthu asanagone, popeza m'chilimwe udzu ndi masamba a paini zimakhala zouma ndipo moto wolusa wawononga kale mitengo yambiri paphiri lino. Wofuna kufunditsa pogona athire madzi otentha m'botolo lolimba lotsekeka bwino, alikulunge ndi sokosi n'kuliika pamimba kapena pakati pa ntchafu. Tenti isatsekedwe kotheratu, chifukwa mpweya umene anthu akupuma umasanduka mame m'kati n'kunyowetsa zofunda.

Mowa nawo umanyenga. Kachasu amatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutenthera pamene kutentha kwenikweni kukuchoka m'kati mwa thupi, ndipo amamugonetsa osazindikira kuti wazizidwa. Chimene chimatenthetsa thupi ndi chakudya: nsima yamadzulo yokhutitsa, mtedza, mbatata, phala lotentha ndi tiyi wa shuga. Munthu asalowe m'zofunda ali wozizidwa kale, koma ayambe wayendayenda pang'ono kufikira thupi litafunda, osafika potuluka thukuta.

Za kuzolowera, thupi limaphunzira kupirira kuzizira pang'onopang'ono, pamasiku angapo, ndipo usiku woyamba ndi umene umavuta kwambiri. Gulu limene likukonzekera kukagona ku Mulanje kapena ku Nyika, kumene m'miyezi imeneyi udzu umatha kuyera ndi chisanu m'mamawa, liyambe lagona panja pasukulu kapena pabwalo la tchalitchi kuno kumunsi, ndi katundu yemweyo amene adzanyamule. Pamenepo mtsogoleri adzaona yekha tenti imene ikudontha, mwana amene alibe juzi, ndi amene amazizidwa msanga kuposa anzake, nthawi ikadalipo yokonza zinthu. Tisaiwale kuti ana aang'ono, okalamba, odwala ndi amene akusala kudya amazizidwa msanga. Apa ndikupempha abusa mwaulemu wonse kuti pulogalamu ya kusala kudya isaphatikizidwe ndi kuchezera panja paphiri mu Julayi, chifukwa thupi lopanda chakudya lilibe chotenthetsera. Ndipo pofuna njira ndi malo abwino ogona, afunseni operekeza alendo a paphiripo, amene amadziwa mmene chifunga chimatsikira mwadzidzidzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mtsogoleri aliyense adziwe zizindikiro. Kunjenjemera kosalekeza, kulankhula mokoka lilime, kupunthwapunthwa, kulephera kumanga zingwe za nsapato ndi kusokonezeka maganizo zikutanthauza kuti munthu wazizidwa moopsa, ndipo akasiya kunjenjemera koma akuoneka wofooka ndi watulo, zinthu zafika poipa kwambiri. Wotereyu alowetsedwe pamalo opanda mphepo, avulidwe zonyowa, afunditsidwe mutu, khosi ndi chifuwa choyamba, ndipo ngati ali maso ndipo angathe kumeza apatsidwe chakumwa chofunda cha shuga. Asatikitidwe manja ndi miyendo, asayandikizidwe pamoto, anyamulidwe mosamala, ndipo atengeredwe ku Chipatala Chachikulu cha Zomba mosachedwa. Msewu wotsika paphiri ndi wokhotakhota ndipo usiku wa chifunga suyendeka mofulumira, choncho galimoto ndi dalaivala wake zigone pamsasa pomwepo, ndipo foni imodzi isungidwe m'thumba la m'kati, popeza batire limatha msanga likazizidwa.

Kwa inu Akonzi, pempho langa ndi lakuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi muzisindikiza mooneka bwino machenjezo a nthambi yoona zanyengo okhudza mwera ndi chiperoni, makamaka kumapeto kwa sabata, kuti wokonza ulendo akaona kuti nyengo siili bwino athe kuusunthira tsiku lina.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Matawale, Zomba