Kwa a Meya a mzinda wa Zomba: matope a m'mapuloti akutseka ngalande zathu

Olemekezeka a Meya,

Ndikukulemberani monga nzika ya mzinda uno, ndipo pempho langa ndi limodzi. Khonsolo ikamavomereza pulani ya nyumba, izifunsanso kuti madzi a mvula a pa pulotipo azilowera kuti, ndipo izibwera kudzaona ndi maso ntchito ikadali m'kati.

Zomba ili m'tsinde mwa phiri, bwana. Mvula ikagwa ku Mtiya, ku Old Naisi kapena m'zitunda za Chinamwali ndi Sadzi, madzi amatsika ndi liwiro kukalowa mu Mponda, Mulunguzi ndi Likangala. Tsono taonani zimene zimachitika munthu akayamba kumanga. Puloti amailambula yonse, osasiya ndi tsinde la udzu lomwe. Dothi lofiira lochokera m'maziko amaliunjika m'mphepete mwa msewu. Lole ya mchenga ndi ya kwale zimakhuthulira pakamwa pa ngalande penipeni, poti m'pamene galimoto yatha kuima. Dzuwa likapendeka anyamata amatsukira wilibala ndi mafosholo momwemo, madzi a simenti n'kumayenderera, matumba opanda kanthu ali mbwee. Mvula yoyamba ya Novembala ikangogwa, zonsezi zimakathera mu kalavati. Kalavati ikatseka madzi amadzipezera njira, amadya msewu, amagwetsa mpanda, amalowa m'nyumba ya wakumunsi amene sanalakwe kanthu, ndipo nthawi zambiri amakhala wa lendi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kumene matopewo amakagona. Likangala amathira mu nyanja ya Chilwa, nyanja yosazama imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Cholowa m'menemo sichitulukanso. Nyanjayi inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamtunda ku Kachulu. Asodzi a matemba ndi alimi a mpunga a ku sikimu ya Likangala ndi amene amalandira dothi lathu la m'tauni. Sindikunena kuti omanga nyumba okha ndiwo akukwirira nyanja, ayi. Kudula mitengo kuphiri, kulima m'mbali mwa mitsinje ndi kukumba mchenga zili ndi mbali yake yaikulu. Koma zam'mapulotizi zili m'manja mwanu, chifukwa womanga aliyense wotsata ndondomeko amadzera pa ofesi yanu.

Malamulo alipo kale. Lamulo loona za chilengedwe la 2017, limene linabala bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limaletsa kuipitsa chilengedwe, ndipo lamulo la madzi la 2013 limateteza mitsinje. Chofunika ndi munthu woyenda wapansi m'makwalala mu Okutobala, mitambo isanayambe kuda, n'kumufunsa mwini puloti kuti, "Mulu uwu mvula ikabwera upita kuti?"

Zofunika kuchita sizodula. Mchenga ndi kwale zikhale m'kati mwa puloti, atazitchinga ndi njerwa kapena matumba odzaza dothi. Kumunsi kwa puloti akumbe dzenje loti matope azikhazikikamo madzi asanatuluke, ndipo zida azitsukira pa dzenje lakelake. Pamalo otsetsereka asiye mzere wa udzu kapena adzale vetiva, amene alimi athu akumudziwa kale. Munthu wokwanitsa kugula malata ndi simenti sangalephere zimenezi. Wokana amuchenjeze kamodzi, akapanda kumva alipire chindapusa ndi kufukula yekha ngalande imene watseka, kaya ndi bwana wa galimoto ziwiri kaya ndi mphunzitsi womanga pang'onopang'ono.

Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anationetsa zimene madzi amachita akasowa njira. Choncho ndikupempha kuti nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa khonsolo ukubwerawu, ndipo makhansala ndi mafumu a m'tauni auzidwe kumene anthu angakanene akaona mulu wa mchenga uli m'ngalande.

Ine wanu,
Nzika ya ku Chikanda