Asilikali athu tisamawakumbukire pa chipilala pokha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za mmene timalemekezera asilikali athu pa zochitika za anthu onse. Chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu a boma, akazembe ndi akuluakulu a asilikali amasonkhana pa chipilala cha ku Area 18 ku Lilongwe kapena cha ku Zomba. Lipenga limalira, nthawi ikakwana 11 koloko onse amakhala chete kwa mphindi ziwiri, kenaka amayala nkhata za maluwa. Mwambowu ndi wabwino, sindikuunyoza. Vuto ndi loti ukangotha, nkhalamba zovala mamendulo zimabwerera kwawo, ife timavula kaduwa kofiira kaja pa malaya, basi mpaka chaka chamawa.

Chonsecho ngongole yathu kwa anthu amenewa ndi yakalekale. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo ankaitcha ya chiwaya, inafika pakhomo pathu penipeni: mu Seputembala 1914 asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi Majeremani ku Karonga. Kupatula onyamula mfuti, amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anatengedwa ngati amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, ambiri mokakamizidwa. Njala ndi matenda zinawatha m'njira, ndipo mayina a ambiri mwa iwo sanalembedwe pa mwala ulionse. John Chilembwe analembera nyuzipepala kalata chaka chomwecho cha 1914 kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Pa nkhondo yachiwiri anyamata a kuno anakafika ku Ethiopia, Madagascar mpaka ku Burma. Magule monga malipenga, mganda ndi beni, ndi mayunifomu ake ndi kuguba kwake, anatengera za usilikali wa nthawi imeneyo, koma timavina osawafotokozera ana athu kumene zinachokera.

Za makedzana tiziike pambali. Kodi ndi ana asukulu angati amene angakuuzeni kuti Chancy Chitete anali ndani? Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni kum'mawa kwa DRC, asilikali osungitsa mtendere anakumana ndi zigawenga za ADF. Amalawi 6 ndi Mtanzania mmodzi anaphedwa. Chitete ataona kuti msilikali wa ku Tanzania wavulala ndipo wagona poyera, anamukokera pobisika, zipolopolo zili kuwirikiza. Anawomberedwa akumupatsa mnzakeyo chithandizo. Mtanzaniayo anapulumuka, Chitete anamwalira. Mu 2019 bungwe la United Nations linamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yoperekedwa kwa osungitsa mtendere olimba mtima koposa, ndipo mkazi wake anakailandira ku New York. Munthu amene anamuferayo sanali wa kwawo, sanali wa mtundu wake, anangokumana ku nkhondo. Dzina lotereli liyenera kumveka kangapo pachaka.

Pempho langa silofuna ndalama zambiri. Mu mpira wathu muli matimu a asilikali, Moyale Barracks, Kamuzu Barracks, Red Lions ndi Mafco, ndipo timawatchula tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri powadandaula kuti amasewera mwankhanza. Chingavute n'chiyani kuti pa masewero a sabata ya chikumbutso, mpira usanayambe, woulutsa mawu awerenge mayina a amene anafera ku ntchito, bwalo lonse liimirire? Chimodzimodzi pa 6 Julaye ndi pa zochitika za m'maboma. Komanso okonza misonkhano, asilikali opuma muziwakhazika pa mthunzi kutsogolo. Ndinaonapo pa mwambo wina nkhalamba ya mamendulo itaima padzuwa, anyamata onyamula zikwama za mabwana atadzaza mipando mu tenti. Zinandichititsa manyazi.

Ulemu wina ndi wongocheza nawo. Kuno kwathu ndinadziwana ndi bambo wina wachikulire pa maliro a mnansi, tikudikira kuti adzukulu amalize kumanda. Nkhani itapsa ndinamva kuti anali m'gulu la asilikali amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Takhala m'dera limodzi nthawi yaitali, ine ndikungowadziwa ngati mdala wogulitsa mbande za mitengo. Lero ndi anzanga a pa bawo, ndipo amandidya mosanyengerera. Za nkhondo sakamba zambiri. Amakonda kukamba za anzawo, wakuti wa ku Chitipa amene anawaphunzitsa kudya matoke, wakuti wa ku Nsanje amene ankayimba usiku onse. Kuti kwawo ndi kuti, akuti, ku msasa sinali nkhani. Ndikuwathokoza bambo amenewa chifukwa cha ubwenzi wawo, ndipo ndikanakonda aphunzitsi a pa sukulu yathu atawaitana tsiku lina kuti ana akawamve okha. Anthu ngati iwo alipo ku mipingo, ku mizikiti ndi m'misika yathu, kungoti sitifunsa.

Mwina wina anena kuti asilikali amalipidwa, ndi ntchito imene anasankha okha. Inde amalipidwa. Koma mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, amene ankafukula anthu m'matope ndi kuwolotsa ena pa madzi anali omwewa. Mu Januwale 2025 tinatayanso asilikali atatu ku DRC, ndipo mabanja awo tili nawo konkuno.

Inunso akonzi muli ndi gawo lanu. Novembala akubwerayu, m'malo mongotionetsa zithunzi za akuluakulu akuwerama ndi nkhata, tipatseni tsamba limodzi la mayina a asilikali amene anafera ku ntchito, maboma amene ankachokera ndi chaka chimene anatisiya. Tumizaninso mtolankhani ku nyumba zosungirako asilikali okalamba ku Zomba akalembe zimene akukumbukira adakali moyo.

Ine wowerenga wanu,
Zomba