Mapulani a zanyengo afike pa mbaula

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa mapulani a boma ochepetsa mpweya umene ukutenthetsa dziko. Mu 2021 Malawi idalonjeza pansi pa pangano la mayiko lokhudza zanyengo la ku Paris kuti pofika 2040 mpweyawu utsike ndi 51 peresenti poyerekeza ndi mmene ukanakhalira titangokhala chete, koma yathuyathu ndi 6 peresenti basi, 45 inayo tikudikira thandizo lakunja.

Chabwino, koma pano pa Blantyre nkhani yagona pa makala. Tayang'anani phiri la Ndirande mmene layerera mbee, ndipo ife a ku Chilobwe sitinaiwale za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche usiku, abale athu ena mpaka lero sitinawapeze. Ndiye mayi wogulitsa mandasi mumuuza bwanji asiye makala pamene gasi ndi wodula, silinda yake osayamba, magetsi nawo angozimazima?

Boma litsitse mtengo wa gasi ndi mbaula zamagetsi, komanso mapulaniwa awamasulire m'Chichewa amveke pa wailesi, tidziwe kuti chaka chino achita chani m'dera lathu lino.

Wokhudzidwa,
Chilobwe, Blantyre