Dandaulo kwa mwini galaja: Probox yanga yapsa gasiketi mutangoikonza kumene

Bwana Manejala,

Ndalemba kalatayi kudandaula za ntchito imene anyamata anu anagwira pa galimoto yanga ya Toyota Probox mwezi wathawu. Galimotoyo ndinabwera nayo chifukwa inkatha madzi mu radiyeta. Ndinalipira ndalama zonse zimene munanditchaja, ndipo lisiti lanu ndili nalo. Lero galimotoyo ili pagalaja ina ku Dedza, hedi (chigawo chapamwamba cha injini) yachotsedwa, gasiketi yomwe imatseka pakati pa hediyo ndi injini yapsa.

Tsiku limene ndinaibweretsa ndinafotokozera foromani wanu zonse bwinobwino. Ndinamuuza kuti m'mawa uliwonse ndimapeza madzi atatsika mu kathanki ka pulasitiki kaja, kuti ndikaimika galimoto nditayenda mtunda ndimamva kafungo kotsekemera kuchokera kuboneti, ndiponso kuti pansi pomwe ndimaigoneka pamapezeka timadontho chakumbali ya lamba wa injini. Iye sanawerame n'komwe kuti aone mbali ya lambayo. Anangogogoda pamwamba pa radiyeta n'kunena kuti, “Apa ndi pamene pakuchucha, bwana, tipamata. Madzulo mudzaitenge.” Madzulowo ndinapezadi pakona ya thanki ya radiyeta atapakapo phala la Pratley, ndipo anandiuza kuti vuto latha.

Ine si makaniko, ndimagulitsa katundu wa m'magolosale pakati pa Lilongwe ndi Dedza. Koma zimene ndaonetsedwa ndi maso anga pambuyo pake zandisonyeza kuti pagalaja panu palibe amene anafufuza pomwe madzi ankatulukira. Anangoganiza. Makaniko wa ku Dedza, asanamasule chilichonse, anadzaza madzi, n'kumangirira kapampu kamanja kokhala ndi geji pakamwa pa radiyeta, n'kupopa. Injini ili chozima, muvi wa gejiyo unayamba kutsika tikuona, ndipo madzi anayamba kutsetsereka kuchokera pa kabowo kakang'ono kamene kali pansi pa wota pampu. Anandiunikira ndi tochi ya foni. Kuyambira pakabowopo kutsika mmunsi panali chikhakha chouma, choyera mosakanikirana ndi pinki, chosonyeza kuti kulanti, madzi apadera oziziritsa injini, wakhala akudontha pamenepo kwa nthawi yaitali. Anandifotokozera kuti kabowoko anakaikapo dala opanga galimoto, kuti silu yotsekera madzi mkati mwa pampu ikatha madzi azionekera kunja, mwini galimoto adziwe msanga. Ntchito yonseyi sinatenge nthawi yoposa imene foromani wanu anatenga polemba lisiti. Pomwe munamata paja, phala litapalidwa, panalibe mng'alu uliwonse.

Kodi kapampu koyezerako mulibe pagalaja panu? Ngati mulibe, mukanandiuza ndikanapita kwina. Ngati muli nako, n'chifukwa chiyani sikanatuluke mu bokosi?

Chimene chandipweteka kwambiri ndi cha themositati, kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini. Probox yanga ilibe geji ya kutentha kwa injini, ili ndi timagetsi tiwiri basi: kabuluu kosonyeza kuti injini idakali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti yatentha mopitirira. Nditaitenga kwa inu ndinadabwa kuti kabuluu kaja kakuchedwa kuzima m'mawa, kusiyana ndi kale, komanso mafuta akutha msanga. Ndinaimba foni kufunsa. Amene anayankha anati ndisadandaule, ndiye kuti injini tsopano ikuzizira bwino. Ku Dedza atamasula nyumba ya themositati anapeza muli mbee. Anyamata anu anaichotsa osandiuza, ndipo pa lisiti sanalembepo. Ndikudziwa kuti amakanika ambiri kuno ali ndi chikhulupiriro choti themositati ndi ya mayiko ozizira monga Japan komwe galimotozi zimachokera, kuti kuno kotentha njosafunika. Zimenezo si zoona. Pa themositati ya injini imeneyi pamalembedwa 82, kutanthauza kuti imayamba kutseguka madzi akafika madigiri 82, kuti injini izigwira ntchito pa kutentha kumene anaipangira. Kuichotsa sikutseka bowo limene likutaya madzi. Kumangochedwetsa kuti kagetsi kofiira kayake, mwini galimoto n'kumayenda mtima uli m'malo pamene madzi akunka natha. Ndipo kaya yofunika kaya yosafunika, ndi katundu wanga. Munayenera kundifunsa, ndipo ndikufuna kudziwa komwe ili.

Pa lisiti pomwepo munalemba kuti mwathira kulanti watsopano, ndipo ndinalipira. Zimene zinatuluka mu radiyeta ndi madzi wamba, ofiirira ndi dzimbiri. Kulanti wa Toyota ndi wa pinki, ngakhale mwana akhoza kusiyanitsa. Kulanti si utoto chabe, amateteza aluminiyamu ndi zitsulo za mkati kuti zisadyeke, ndiye mwanditengera ndalama ya chinthu chimene simunathire, n'kundiikira chinthu chowononga. Chivindikiro cha radiyeta nachonso mphira wake unali wong'ambika, ndipo amene anachivundukula pothira madziwo sakanalephera kuona. Pa chivindikirocho palembedwa 1.1, ndiye mphamvu imene chimayenera kusunga kuti madzi asawire pa madigiri 100 koma afike cha m'ma 120. Mphira ukang'ambika madzi amawira msanga, makamaka malo okwera ngati Dedza kumene madzi amawira asanafike n'komwe pa 100.

Zinandichitikira pa msewu wa M1, nditadutsa Linthipe, pa chitunda chokwera kupita ku Dedza, galimoto itadzaza makatoni a sopo ndi mafuta ophikira. Kagetsi kofiira kanayaka, ndinapatuka pomwepo n'kuzimitsa injini, koma nthunzi inali itayamba kale kufuka m'mbali mwa boneti. Ndinadikira kuti izizire ndisanagwire chivindikiro. Nditatsegula, mu radiyeta munalibe madzi ooneka. Ndinachita kulipira galimoto ina yoti indikoke mpaka pa boma, ndiponso ina yoti ikatule katundu kwa makasitomala amene ankandidikira.

Zizindikiro za gasiketi yopsa zinali poyera. Atathira madzi n'kuliza injini, pakamwa pa radiyeta pankatuluka thovu losalekeza, ku ekizozi kukufuka utsi woyera, ndipo kunsi kwa chivindikiro cha oyilo kunali phala looneka ngati tiyi wamkaka. Hedi ya injini imeneyi ndi ya aluminiyamu, ikatentha kwambiri imapindika. Ataika lula yachitsulo pamwamba pake, kuwala kunkadutsa pakati. Tsopano ikuyenera kupita kokasikima, kutanthauza kukaipala pa makina kuti iwongoke, ndipo ndiyenera kugula gasiketi, wota pampu, themositati, chivindikiro, oyilo, fyuluta ndi kulanti. Pa zonsezi, tsiku limene ndinabwera kwa inu zofunika zinali pampu, chivindikiro ndi kulanti basi. Ndalama ya pampu ndinali nayo m'thumba, mukanandiuza ndikanagula tsiku lomwelo.

Nditakuimbirani kuchokera ku Dedza, foromani wanu anati galimoto zakale zimatero, mwina ndinaithamangitsa. Mawu amenewo sanandisangalatse. Galimotoyi ndi yakale inde, koma isanalowe pageti panu inalibe utsi woyera, oyilo wake anali wabwino, ndipo anyamata anu omwewo anaona pamene ankayang'ana mulingo wa oyilo. Ndinaibweretsa vuto lidakali laling'ono ndi cholinga chopewa zomwe zachitikazi.

Zimene ndikupempha ndi izi. Mundibwezere ndalama zonse za pa lisiti lanu, popeza ntchito yolembedwa pamenepo ina sinagwiridwe, ina inali yosafunika. Mulipirenso ntchito ya hedi ndi gasiketi, themositati imene munachotsa, pamodzi ndi ndalama yokokera galimoto. Pampu ndi chivindikiro ndigula ndekha, chifukwa zimenezo zinali zotha kale ndipo sindikufuna kukusenzetsani mtolo umene si wanu. Za malonda amene ndaluza masiku amene galimoto ili chigonere sindinaziwerengere m'pempholi. Ngati mukukayika, tumizani makaniko wanu ku Dedza akaone yekha. Pampu yakale, gasiketi yopsa ndi botolo la madzi amene anatuluka mu radiyeta ndasunga, zithunzi ndinajambula, ndipo makaniko wa kumeneko wavomera kulemba zimene anapeza.

Ndikhala ndikudikira yankho lanu lolembedwa pasanathe masabata awiri kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Ndakhala kasitomala wanu kwa nthawi ndithu ndipo ndikadakonda kuti tikambirane patokha. Koma mukakhala chete, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula, pamodzi ndi lisiti, zithunzi ndi kope la kalata ino.

Ine kasitomala wanu wodandaula,
Mwini wa Probox, Lilongwe