Lipoti la msonkhano wa zaukazitape pa mafoni, kwa ma ejenti anzanga a Mpamba ndi Airtel Money aku Ndirande

Atcheya, alembi, amsungichuma ndi nonse mu gulupu muno, mwaswera bwanji. Ndabwerako ku msonkhano uja munanditumako, unali wa masiku awiri Lachinayi ndi Lachisanu pa hotelo ina mtauni, nde ndati ndilembe lero lomwe zinthu zikadali m'mutu poti ndikadikira msonkhano wathu wa Loweruka ndikhala nditaiwala zambiri. Pepani meseji italika, amene bandulo yawathera mukawafotokozere pa kontena. Chenji cha thiransipoti ndasiya kwa amsungichuma pamodzi ndi mapepala amene anatigawira.

Kunali atolankhani, maloya awiri, ana a m'makoleji, abusa ndi mashehe angapo, ife ma ejenti tinalipo atatu basi, ine, mayi wina wa ku Bangwe ndi mnyamata wa ku Chirimba. M'mawa wa tsiku loyamba ndinkaona ngati nkhanizi ndi za atolankhani ndi andale, koma pofika masana mtima unayamba kugunda chifukwa zambiri zimene amakambazo zimadutsa m'manja mwathu ife tsiku ndi tsiku.

Loya wamayi ndi amene anayamba, anatiwerengera gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994. Limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga za chinsinsi zake, asapangidwe chipikisheni mwachisawawa iyeyo, nyumba yake kapena katundu wake, asalandidwe zinthu zake, komanso wina asalowerere pa zimene akulankhulana ndi anzake kaya ndi pa kalata kaya pa lamya. Anati ufuluwu boma likhoza kuuchepetsa inde, gawo 44 limalola, koma pakhale lamulo lolembedwa lolola zimenezo ndipo chifukwa chake chikhale chomveka m'dziko la demokalase, osati poti bwana wina wapsa mtima ayi.

Kenako anapatsa maiki bambo wina wachikulire, imvi mbuu, anafotokoza za nthawi ya Kamuzu. Akuti kalata yochokera kwa mchimwene wawo amene ankagwira ntchito ku Joni inkafika itatsegulidwa kale nkumatidwanso, m'basi munthu sumayerekeza kudandaula za mtengo wa shuga poti sukudziwa kuti wakhala naye pampando ndi ndani, apayoniya ndi a Special Branch anali paliponse, ndipo kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 itawerengedwa m'matchalitchi, kungopezeka nayo m'thumba unali mlandu. Holo yonse inangoti zii. Chimene ananena pomaliza ndi chimene chinandikhala, akuti nthawi imeneyo boma limafunika kulemba ntchito anthu ambirimbiri kuti azimvetsera, lero munthu aliyense akuyenda ndi womvetsera wake m'thumba ndipo amamugulira yekha mayunitsi.

Nde tamvani mmene zimalumikizirana. Mu 2017 a NRB analemba anthu pafupifupi 9 miliyoni mu kaundula wa ziphaso za unzika, anatijambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala. Mu 2018 kunabwera lamulo loti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, apo bii layini itsekedwa, ambirife ntchito imeneyo tinaigwira ndi manja athu mukukumbuka mizere ija. Pa layini yomweyo ndi pamene pali Mpamba kapena Airtel Money. Ndiye kuti nkhope yako, chala chako, nambala yako ndi ndalama zako zonse zamangidwa pa chingwe chimodzi, wogwira nsonga imodzi akhoza kukoka zonse. Mnyamata wa zamakompyuta anatisonyeza pa pulojekita kuti munthu safunika ngakhale kumva mawu amene walankhula, kampani ya foni imakhala ndi rekodi yoti nambala iyi inaimbira iyi, nthawi yakuti, mphindi zakuti, ndipo foni inali pafupi ndi nsanja ya netiweki iti. Anajambula chitsanzo cha munthu wongopeka, usiku uliwonse foni yake imagona ku Makata, m'mawa ili ku Ginnery Corner, mwezi uliwonse tsiku limodzi ili pafupi ndi chipatala, Lachisanu masana ili pafupi ndi mzikiti, ndipo tsiku la zionetsero inali pa Kamuzu Upper Stadium. Anatifunsa kuti chatsala ndi chiyani choti simukuchidziwa cha munthu ameneyu. Palibe anayankha.

Za makina anakamba zambiri, ine ndingotchula ziwiri za kwathu kuno. Akuluakulu mukukumbuka makina aja manyuzipepala ankawatcha spy machine, dzina lake lenileni ndi CIRMS, a MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, anagula nthawi ya Bingu ku kampani ya ku America ya Agilis International pa mtengo wa madola 6.8 miliyoni. Iwo ankati ndi oonera ngati makampani a foni akupereka netiweki yabwino komanso ngati sakubisa ndalama za msonkho, anthu ena ndi makampaniwo ankati angathe kuzondera nawo anthu, nkhani inapita kukhothi, khothi lalikulu linaletsa kaye koma la Supreme linadzalola mu 2014. Chachiwiri ndi cha posachedwa, kumayambiriro kwa 2025 kunamveka kuti MACRA ikugula makina ena ku kampani ya ku Ghana ya Hashcom pa madola 1.5 miliyoni, oti aziunika nkhani zabodza zimene zikuyenda pa Facebook ndi masamba ena, mabungwe anakuwa kwambiri poti chinali chaka cha chisankho. Za kunja anangodutsamo, Edward Snowden amene anaulula mu 2013 mmene boma la America limasonkhanitsira marekodi a mafoni a anthu ake omwe, pulogalamu ya Pegasus ya kampani ya ku Israel imene imatha kulowa mu foni iwe osadina kalikonse, ndi Uganda kumene anazimitsa intaneti dziko lonse pa chisankho cha Januwale 2021.

Tsiku lachiwiri linali la anthu amene zinawaonekera. Mu Febuluwale 2011 mphunzitsi wa ku Chancellor College, a Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi wa nthawi imeneyo a Peter Mukhito chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt, kutanthauza kuti m'kalasimo munali wokanena, aphunzitsi ananyanyala kwa miyezi yambiri. Mu Epulo 2022 apolisi muno mu Blantyre anagwira mtolankhani Gregory Gondwe nkumulanda foni ndi kompyuta, amafuna awauze amene anamupatsa zikalata za nkhani ya katangale imene analemba. Chaka chomwecho namwino wina ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp zokhudza pulezidenti. Mu 2024 bambo wina wa ku Mponela anaponya mu gulupu ya m'dera lawo kavidiyo ka pa TikTok koonetsa pulezidenti akuvina, khothi linamupeza wolakwa nkumulipitsa K200,000 apo ayi miyezi 6 kundende, ndipo amene anakamunenera ndi anthu a mu gulupu momwemo. Apa ndiye mumvetse abale anga, WhatsApp imatseka mameseji moti ali m'njira wina sangawerenge, koma screenshot ya mnzako wa mu gulupu ilibe loko, ndipo foni ikalandidwa nkutsegulidwa zonse zili pambalambanda.

Ambiri mwa anthu amenewa amawagwira ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, muli mawu onga kutumiza uthenga wonyoza kapena wovutitsa wina amene loya uja anati ndi otakata kwambiri moti akhoza kukolapo aliyense. Pali zabwinonso zimene zachitika, mu 2022 aphungu anachotsa mlandu wa sedition, uja wolankhula kapena kulemba zodzutsa chidani pa boma, ndipo mu Julayi 2025 khothi linathetsa gawo 200 la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu, limene linkapangitsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wopita nawo kundende, koma lamulo la 2016 lija likadalipo. Ine chimene ndinaona pa mndandanda umenewu ndi chakuti mulibe chipani chimodzi, maboma asintha koma makina ndi malamulo amatsalira wobwerayo, nde amene ukuombera m'manja lero poti wamangidwayo ndi wa chipani china dziwa kuti chaona mnzako chapita mawa chili kwa iwe. Mu gulupu muno muli anthu a zipani zonse, ndikunena kwa tonse.

Panali mkangano waukulu ndipo ine ndinaimika nawo mkono. Wachinyamata wina amati kulembetsa masimu kuthetsedwe basi, ine ndinakana, ndinawauza kuti bwerani mudzakhale tsiku limodzi pa kontena yanga mudzaone agogo akulira atatumiza ndalama ya feteleza kwa munthu amene anawaimbira kuti mwana wanu wachita ngozi ali kuchipatala tumizani msanga. Akuba a pa foni alipo ndipo tikufuna azigwidwa, popanda kaundula angagwidwe bwanji. Koma ndinavomerezanso zimene anandiyankha loya, kuti funso si lakuti kaundula akhalepo kapena ayi, funso ndi lakuti amaloledwa kutsegula ndi ndani, ndi chilolezo cha yani, ndipo akatsegula molakwika iwe ukadandaula kuti. Chifukwa chimene chimapweteka ndi chakuti wakuba uja amapitiriza kuimba mwezi ndi mwezi pomwe wolemba mawu awiri pa Facebook amapezeka msanga.

Tsono ndifike pa ife. Anatiuza kuti aliyense atsegule zithunzi za mu foni yake aone za anthu ena zimene akusunga, ine nditatsegula ndinapeza ma ID a makasitomala, kutsogolo ndi kumbuyo, ena a zaka zitatu zapitazo, ndinasiya kuwerenga nditadutsa 200. Foni yomweyo ana amaseweretsa madzulo, foni yomweyo ndinakaisiya masiku awiri kwa wokonza mumsika sikirini itasweka. Nanga bukhu lathu lija la pa kauntala, lokhala ndi nambala, ndalama, nthawi ndi siginecha, limakhala lotsegula aliyense wodzagula mayunitsi a 200 akhoza kuwerenga tsamba lonse kapena kulijambula.

Ndipo pali nkhani imene sindinakuuzenipo, ndinaifotokoza kumeneko nde ndiyeneranso kuifotokoza kuno. Chaka chatha kunabwera bambo wina wovala bwino, shati yopisira, anangoonetsa kakhadi mwachangu nkubweza m'thumba, akuti ndi wa boma akufufuza nkhani. Anatchula nambala ya mayi wina kasitomala wanga, amafuna adziwe kuti anatapa liti, zingati, komanso amabwera nthawi yanji. Ine ndi mantha ndinatsegula bukhu nkumuonetsa zonse. Patapita masiku anayi mayi aja anabwera diso litatupa, anaima pa windo osatapa osaika, anangondifunsa kuti achimwene munawauziranji. Anali atathawa banja la nkhanza, achibale awo amawatumizira ndalama ya lendi mobisa, ndipo bambo uja sanali wofufuza ayi, anatumidwa ndi mwamuna wawo. Sanabwerenso pa kontena yanga mpaka lero ndipo nkhaniyi imandidya. Loya anati ngakhale akanakhala wapolisi weniweni, ndinali ndi ufulu wopempha kuona chiphaso chake bwinobwino, kulemba dzina ndi siteshoni yake, kufunsa chikalata cha kukhothi, komanso kumuuza mwaulemu kuti marekodi enieni ali ku kampani apite kumeneko kuli njira yake yopemphera.

Chinanso ndi masimu olembetseratu. Tisanamizane, timadziwa kuti alipo ena amalembetsa masimu angapo pa ID ya munthu mmodzi, mwina ya kasitomala amene sakudziwa nkomwe, nkumagulitsa kwa wofulumira. Layini imeneyo ikabera munthu kapena ikatukwana wina, galimoto ikaima pakhomo pa mwini ID, mwina agogo a ku Chiradzulu amene anangobwera kudzalembetsa kafoni kawo ka mabatani. Atcheya ichi ndikupempha tichikambe poyera ngakhale ena akhumudwa.

Lamulo latsopano liliponso, Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024. Limati wotenga zinthu za munthu monga dzina, nambala, chithunzi, atenge pa chifukwa chodziwika, asatenge zopitirira zimene akufunikira, azisunge motetezeka, ndipo mwiniwake akhoza kufunsa kuti muli ndi chiyani changa, kukonzetsa zolakwika kapena kupempha kuti zifufutidwe, zikabedwa kapena kutayikira wozitenga uja ayenera kudziwitsa oyang'anira pasanathe maola 72. Oyang'anirawo ndi a MACRA omwewo, apa anthu ambiri mu holo anang'ung'udza, inenso sizinandikhalire bwino kuti wogula makina ounikira anthu akhalenso woteteza chinsinsi cha anthu omwewo, bola pakanakhala bungwe loima palokha. Tinagwirizana kuti mfundo imeneyi ilowe mu kalata imene okonza msonkhano akalembere aphungu, pamodzi ndi pempho loti mawu otakata aja a mu lamulo la 2016 akonzedwe, ndipo anafunsa ngati gulu lathu lingasaine nawo. Ine sindinasaine, ndinati ndikafunse kaye eni ake amene andituma, nde yankho akulifuna sabata ya mawa isanathe.

Zimene ndikubweretsa pa msonkhano wa Loweruka ndi izi, tivote za kalatayo, tigwirizane kuti chithunzi cha ID chizifufutidwa kulembetsa kukangotha, bukhu lizikhala mu dirowa ndipo posainitsa tiziphimba mizere ya ena ndi kakatoni, komanso tilembe mawu amodzi oti tonse tiziyankha munthu akabwera kudzafunsa za kasitomala, kuti wina asamachite mantha ali yekha ngati mmene ndinachitira ine. Mnyamata wa ku Chirimba uja wavomera kubwera kudzatithandiza kuika PIN ya manambala 6 pa WhatsApp ndi loko wa simukhadi, sakufuna malipiro koma thiransipoti yokha, amsungichuma muonepo. Aliyense abwere ndi foni yake yotchaja ndi bukhu lake, 2 koloko pamalo pathu pomwe paja. Mayi a pa Chinseu munati simudzakhalapo chifukwa cha chinkhoswe, tumizani mtsikana wanu wa pa kontena poti ndi amene amagwira bukhu masana.