Malo andipatsa kusukulu koma pakhomo pavuta

Azakhali,

Ndikulemba ndili pa naiti, odwala agona. Dzina langa musalitchule, chipatalanso sinditchula, anthu angandizindikire.

Ndine namwino wa dipuloma, aja amatitcha Nurse Midwife Technician. Ndinaphunzira zaka 3 pa koleji ina ya CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi ndinakhoza. Ntchito ndimaidziwa. Kubereketsa mayi ndi tochi ya pafoni magetsi atathima, kusaka mtsempha pa kamwana kotha madzi m'thupi kuti ndikaike diripi, zonsezi ndimachita ndekha. Koma pa pepala ndine wapansi. Mtsikana amene ndinamulandira atangofika ndi digiri yake, n'kumuonetsa pamene timasunga oxytocin, mankhwala othandiza amayi pobereka, lero ndiye in-charge wanga. Rosita amalemba ndiye. Khirisimasi yapitayi anandiika pa naiti, Chaka Chatsopanonso naiti, iye ali kwawo. Nditafunsa anangoti, "Sisita, ndi mmene zakhalira." Sindikuti ndi woipa ayi, koma zimandiwawa.

Ndiye ndinafunsira malo ku KUHeS, yunivesite imene inabadwa mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kuti ndikachite digiri ndikhale registered nurse. Pa MSCE ndinalibe kirediti ya Masamu, moti ndinakalembanso, kukhala m'chipinda chimodzi ndi ana amsinkhu wa mwana wanga wachisamba. Bambo a kunyumba ndinkawauza kuti ndili pa lokamu, ntchito ya maola owonjezera kuchipatala. Chifukwa chimene ndinawabisira chilipo, koma sindingachilembe munyuzipepala.

Tsopano anditenga. Kalata atayiona sanandiyamikire n'komwe, anangoti, "Nanga anawa alera ndani?" Apongozi akazi akuti mkazi akaphunzira kwambiri amaponda mwamuna pamutu. Komatu fizi ya mng'ono wawo wa bambowa ndinalipira ndine mpaka anamaliza, nthawi imeneyo palibe ananena kuti sukulu imaononga munthu. Ngakhale malata a nyumba ya apongoziwo anachokera pa malipiro anga omwewa.

Ndalama nazo palibe. Chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro amatha mwezi usanafike pakati, ndipo ku banki mkhonde ndili ndi ngongole kale. Kalata yanga yopempha tchuthi cha maphunziro ikadali pa tebulo la abwana. Akuti anamwino ndi ochepa, komanso alipo ena pamzere amene anayamba kupempha ine ndisanapemphe. Zoona tilipo ochepa, wodi yonse usiku ndimakhala ndekha ndi wothandizira mmodzi. Koma kuchepako ndinachititsa ndine? Winanso anapita kusukulu chaka chatha, chonsecho anandipeza pantchito.

Dzulo bambo aja anandiuza kuti ndikakwera basi yopita kusukulu ndisadzabwerere pakhomo pawo. Ananena izi mwana wamng'ono akumva, ali ndi mbale ya phala m'manja. Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa mtendere, kuposa za fizi.

Azakhali, ndithandizeni. Tchuthi akandikaniza, ndisiye ntchito ndipite ndithu, nanga fizi ndi lendi ndizitenga kuti? Ndikapempha kuti andisungire malo mpaka chaka chamawa, pakhomo padzakhala patasintha chiyani? Nkhaniyi ndiitengere kwa ankhoswe, pomwe ankhoswe a kuchimuna ndi malume awo amene amangovomera zonena za apongozi? Kapena ndingokhala, mtsikana uja azindilembera rosita mpaka ndidzapume pantchito?

Ine,
Namwino wosowa mtengo wogwira