Kalata kwa Akhristu a ku Chembe: za Alendo a pa Ilala ndi Neti za Udzudzu

Okondedwa mwa Ambuye, akulu ampingo, amayi ndi achinyamata,

Mtendere ukhale nanu.

Ku msonkhano wa akulu ampingo kwafika dandaulo lochokera kwa anyamata oyendetsa maboti. Akuti alendo otsika sitima ya Ilala ku Monkey Bay akafika kuno amagona usiku umodzi wokha, m'mawa n'kumanga katundu. Akawaperekeza ku chilumba cha Thumbi kapena ku Otter Point, malo ena omwe kale mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala tija, zinkachita kuphimba miyala akuwapeza ali mbee.

Tiyambe tamvetsa chimene munthuyu wadzera. Amene wasiya basi n'kukwera sitima yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, kugona masiku pamadzi kudzera ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, sali pa changu ndipo sakusaka nyumba zosanja. Zimenezo wazisiya kwawo. Iye akufuna kuvala magalasi a m'madzi aone mbuna zabuluu ndi zachikasu zikubudula ndere pamwala, aone nkhwazi ikutsika kudzawakha nsomba, akaime pa manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika kuno mu 1875. Mbunazi n'zimene zinachititsa kuti malo ano akhale paki yotetezedwa ndi boma mu 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO liwalembe m'kaundula wake wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984.

"Dziko lapansi nla Yehova ndi zodzala zake zomwe" (Masalmo 24:1).

Tsono ndinene mosapsatira. Ena mwa inu, okhala pa Mgonero ndithu, mukusoka pamodzi neti za udzudzu zomwe munalandira ku sikelo, n'kumakoka m'mphepete mwa madzi ndi m'mbali mwa zilumba usiku. Mukudziwa kuti madzi a mamita 100 kuchokera ku gombe la paki saloledwa kuphamo nsomba. Neti imeneyo sisankha. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi milungu itatu, ndipo mazira ake ndi ochepa, si ngati a usipa. Mukaikokera kumtunda mwapha mayi ndi ana pamodzi. Komanso mbuna siyenda kutali ndi miyala yomwe inabadwira, ndiye mtundu wa pa Thumbi ukatha, musayembekeze kuti wina uchokera kwina kudzalowa m'malo. Kawerengeni Deuteronomo 22:6-7 musanakhudzenso netiyo.

Kuipa kwake sikuthera pamenepo. Pali nsomba zina za pamchenga zomwe zimadya nkhono, ndipo nkhono ndiyo nyumba ya likodzo. Mukazikokolola nkhono zimaswana, ana athu amakodza magazi, mlendo naye amauzidwa ndi dokotala wake kuti asasambe kuno ku Cape Maclear. Uku mwana wanu akugona popanda neti, malungo akumupeza. Tinsomba todzaza mbale imodzi mwatigula ndi zonsezi? Musandiuze za umphawi ayi, ndimaudziwa, ndimalowa m'makomo mwanu. Koma nsomba yomwe yaphedwa imagulitsidwa kamodzi, pamene yamoyo boti limaipitira lero, mawa ndi mkuja, woyendetsa, wophika nsima ndi kampango, wosema ziboliboli onse n'kupezapo kangachepe.

Kwa inu a maboti: mtengo muzigwirizana muli kumtunda, osati pakati pa nyanja. Munthu aliyense akhale ndi jekete lake lopulumutsira moyo, ndipo mwera ukawomba musanyamuke, ngakhale mlendo akakamire. Mabotolo ndi majumbo azibwerera m'boti momwemo. "Musaiwale kuchereza alendo; pakuti mwa ichi ena anachereza angelo osadziwa" (Ahebri 13:2).

Loweruka likubwerali, 7 koloko m'mawa, aliyense amene ali ndi neti yokokera yotereyi aibweretse ku tchalitchi. Sitilemba maina. Amene adzapezeke nayo tsikuli litadutsa adzaonekera pa bwalo la akulu ampingo. Tikatero tonse titsikira ku gombe kukatola zinyalala. Bwerani ndi matumba ndi makasu, achinyamata mutenge mawilibala.

Tikufunanso kumanga chimbudzi cha zitseko ziwiri pafupi ndi pokocheza maboti, kutali ndi madzi. Banja lililonse lipereke K2,000 kapena njerwa 50 kwa msungichuma mwezi uno usanathe. Amene ali ndi ngolo aonane ndi mlembi za kututa mchenga.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.